Mtsikana wa zaka 16 amene anakana Ulimbitso: lipoti la uphungu wa banja

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito ya uphungu pakati pa mabanja ndi achinyamata, komanso akatekisiti, amene nkhani zotere zimayamba zawapeza iwo zisanafike kwa ife. Banja lomwe ndikufotokoza linavomera kuti ndilembe, ndipo mtsikanayo anawerenga yekha n'kuchotsamo zimene sanafune kuti zituluke. Mayina mulibe, ndipo zina zimene zikanawaulula ndazisiya dala.

Mmene nkhani inandipezera

Oyamba kubwera anali amayi ake, okha, atalangizidwa ndi mphunzitsi amene anaona kuti mwanayo wayamba kubwerera m'mbuyo m'kalasi. Sanazungulire. Anati: "Mwana wanga wagalukira Mulungu. Ife talephera, mwina inu akumverani. Mumuuze asiye mwano, alandire sakramenti ngati anzake." Kunali kutatsala miyezi itatu kuti episkopi abwere ku parishi yawo kudzapereka Ulimbitso, sakramenti lolimbitsa chikhulupiriro cha munthu wobatizidwa kale, ndipo dzina la mtsikanayo linali kale pa mndandanda.

Banjali ndi la Katolika lolimbikira. Amayi amaimba kwaya. Agogo, omwe ndi amayi awo a mayiyo, amakhala nawo m'nyumba momwemo, ndipo ndiwo anasankhidwa kuti adzaimirire mdzukulu wawo pa tsiku la Ulimbitso. Bambo anakulira mu mpingo wina, analowa Katolika ali wamkulu kale. Palinso mng'ono wake wa mtsikanayo, wa zaka 8. Pofotokoza za ana, mayiyo anati "ndili nawo awiri", kenako anadzikonza, "anali atatu". Mnyamata wapakati anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo atadwala nthawi yaitali. Anazinena mothamanga n'kubwerera ku nkhani ya Ulimbitso. Ndinazisunga mumtima, sindinawakumbe tsikulo.

Chizindikiro choyamba chinaoneka pafupifupi chaka chathunthu asanabwere kwa ine: mtsikanayo anasiya kulandira Ukaristia. Anzake akanyamuka kupita kutsogolo, iye ankatsala pa benchi. Amayi anaganiza zomwe makolo ambiri angaganize, kuti wayamba zibwenzi ndipo wagona ndi mnyamata. Atamufunsa anakana, koma sanapereke chifukwa china. Kenako anayamba kudandaula m'mimba Lamlungu m'mawa. Pa Kolona ya madzulo, pemphero la Akatolika lowerengera pa mikanda, yomwe banjali limapemphera tsiku lililonse, poyamba ankangogwedeza milomo, pambuyo pake anasiyiratu. Maphunziro a Ulimbitso ankajomba. Mapeto ake ananena poyera, onse ali pamodzi, kuti sadzalandira.

Zimene banja linachita zinkakulirakulira. Anamulanda foni. Anamuletsa masewera a kusukulu. Anaitana achibale kuti adzamulangize. Loweruka lina amayi anamugwira dzanja kupita naye kukalapa, anaima panja kumudikira, ndipo atatuluka anamufunsa zimene waulula. Atakana kunena, anamumenya mbama. M'nyumbamo munamvekanso mawu oti mwana wokana Mulungu salipiridwa sukulu.

Ndinawauza mayiyo tsiku lomwelo kuti ntchito imene abwera nayo sindingailandire mmene aiperekera. Sindingalonjeze kuti mwana alandira sakramenti, monganso sindingamuthandize kuchoka mu Mpingo. Chimene ndingachite ndi kuthandiza kuti anthu a m'nyumba imeneyi amvane. Ndinapempha kuonana ndi mtsikanayo payekha, ndipo ndinaneneratu kuti zimene andiuze sindidzazibweretsa kwa makolo, pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina utakhala pangozi. Mayiyo sizinawasangalatse, koma anavomera. Mlangizi akalola kukhala mthenga wa makolo pa tsiku loyamba, mwana amazindikira msanga, ndipo amamuika m'gulu la achibale aja anabwera kudzamulangiza.

Zimene ndinayamba kufufuza

Mwana amene ankakonda kutchalitchi akayamba mwadzidzidzi kuopa malowo, kudwala tsiku lopitako, ndi kukana kukhala yekha ndi munthu wa mpingo, funso loyamba lisakhale la chikhulupiriro. Tiyambe tafunsa ngati wina wamuchita chipongwe. Ndinamufunsa mosabisa, koma mofatsa, ngati pali wansembe, katekisiti, wa kwaya kapena wina aliyense amene anamugwira, kumulankhula kapena kumulembera zosayenera. Anati palibe. Ndinabwerezanso funsolo mwa njira ina titazolowerana, yankho linali lomwelo, ndipo panalibe china chondikayikitsa. Funsoli ena amalilumpha poopa kunyoza Mpingo. Musalilumphe.

Ndinafufuzanso za matenda a maganizo. Tulo sankapeza bwino, sukulu inali itatsika, ankalira yekha usiku. Maganizo odzipha analibe, koma anali ataganizapo zothawira kwa azakhali ake. Za m'mimba ndinapempha kuti akaonedwe kuchipatala, ndipo sanapezeke ndi vuto. Za mbama ija ndinakambirana ndi makolo onse awiri mosapita m'mbali: kumenya kuthe, ndipo kukabwerezedwa ndidzatsatira zimene malamulo oteteza ana amandilamula. Sikunabwerezedwe.

Mtsikanayo anandifunsa ngati ndine Mkatolika. Ndinamuyankha zoona, kuti inde, ndipo ndinawonjezera kuti sindinatumidwe ndi parishi. Ndikanazemba funsolo akanadziwabe, ndipo akanaona kuti ndamubisira.

Zitatha izi m'pamene tinayamba kumasula zimene banja linkazimanga mtolo umodzi n'kumazitcha "kukana Mulungu". Misa sankadana nayo kwenikweni. Nyimbo ankazikonda, ndipo chimene chinkamudwalitsa Lamlungu chinali maso a amayi ake pa nthawi yolandira. Kulapa anali atadana nako kuyambira Loweruka lija. Za Ulimbitso ananena mawu amene anasintha mmene ndinkaionera nkhani yonse:

"Tsiku limenelo amafunsa kuti, kodi mukhulupirira? Aliyense amayankha kuti ndikhulupirira. Ine panopa sindikudziwa ngati ndikukhulupirira. Ndiye amayi akufuna ndikaname pamaso pa Ambuye episkopi? Anandiphunzitsa okha kuti bodza ndi tchimo."

Nanga Ukaristia anasiyiranji? Anaphunzitsidwa kuti munthu amene ali ndi tchimo lalikulu asalandire asanalape. Iye anali wokwiya ndi Mulungu, ankaona mkwiyowo ngati tchimo lalikulu, ndipo sakanatha kulapa chinthu chimene sanali wokonzeka kuchisiya. Choncho anatsala pa benchi. Mwana amene ankanenedwa kuti wapeputsa masakramenti anali kuwalemekeza kuposa anzake ambiri a m'kalasi la Ulimbitso, amene mwa kunena kwake ena ankangodikira chikondwerero ndi mphatso. Ine ndinaona kuti uyu si mwana wamwano. Anali mwana woopa kunama pa zinthu zopatulika.

Kwa amene munaphunzira za kakulidwe ka achinyamata, mukumbukira zimene James Marcia anafotokoza mu 1966, pokuza maganizo a Erik Erikson. Pali wachinyamata amene amangotenga zikhulupiriro za makolo osazifunsa, ndipo pali amene amalowa m'nyengo yofunafuna, asanasankhe kalikonse. Mtsikanayu anali m'nyengo yachiwiriyi. Sanalowe mpingo wina, sananene kuti kulibe Mulungu. Chaka chomwecho cha 1966 Jack Brehm, katswiri wina wa za maganizo, anafotokoza mmene munthu amakakamirira kwambiri chinthu akaona kuti ufulu wake wosankha ukulandidwa. Zinaoneka bwino pano. Iye mwini anati asanamulande foni ankaganiza kuti mwina adzalandira chaka chamawa, koma atamulanda analumbira mumtima kuti sadzalandira mpaka kalekale.

Kolona

Panatsala Kolona. Apa m'pamene ankakana kwambiri, ndipo sankafotokoza. Ndinangofunsa funso wamba: "Kodi Kolona ya tsiku lililonse inayamba liti kunyumba kwanu?" Anakhala chete nthawi yaitali. Inayamba mchimwene wake atagonekedwa m'chipatala. Kale ankapemphera pamodzi mwa apo ndi apo, makamaka mwezi wa May ndi wa October. Mnyamatayo atadwala anayamba kupemphera usiku uliwonse, ndipo mtsikanayo, ali ndi zaka 13, ndiye ankatsogolera kawirikawiri. Anachita manovena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi otsatizana. Analonjeza Mulungu zinthu zambiri mumtima. Mnyamatayo anamwalira. Pamaliro anthu anamuuza kuti Mulungu wamukonda, ndipo iye anadzifunsa kuti ngati chikondi chake n'chotere, mapemphero onse aja anali a chiyani.

Kolona ya magawo asanu ili ndi Tikuoneni Maria 53, ndipo lililonse limatha ndi kutchula nthawi ya kufa kwathu. Iye anati akafika pamenepo amaona bedi la kuchipatala. Usiku uliwonse, kwa zaka ziwiri.

Chachiwiri chimene chinatuluka chinali chachikulu kuposa choyambacho. M'nyumbamo dzina la mnyamatayo linkatchulidwa malo amodzi okha: poyamba Kolona, popereka cholinga cha pemphero. Kupatula apo palibe ankamutchula. Zithunzi zake anazisunga m'kabati. Palibe ankakamba za nthabwala zake kapena zimene ankakonda. Banjali linkalira maliro ake kudzera mu Kolona basi.

Nditakumana ndi amayi paokha, sindinaulule zimene mwana anandiuza. Ndinangowafunsa funso lomwe lija, loti Kolona inayamba liti. Analira kwa nthawi yoyamba chibwerere kwa ine. Ndinawafunsa chimene amamva mwana wawo akakhala duu pa nthawi ya pemphero. Anati: "Ndimaona ngati wamuiwala mchimwene wake." Patapita kanthawi anawonjezera: "Mmodzi ndinamutaya pansi pano, koma ndikudziwa kumene ali. Uyu ndikamutaya, ndamutaya mpaka muyaya."

Apa m'pamene nkhani inatembenukira. Mayi ankamva kukana Kolona ngati kukana womwalirayo, pomwe mwana ankaikana chifukwa chomukumbukira mopitirira muyeso. Aliyense ankaganiza kuti mnzake sakumva ululu. Chilango chonse chija chinkachokera m'mantha a mayi woferedwa, ndipo mantha otere sachoka ndi mfundo za ufulu wa mwana. Ndikanayamba ndi kuwawerengera malamulo, akanandiona ngati mdani wa chipulumutso cha mwana wawo.

Mtsikanayo anavomera kuti zimenezi azinene yekha pamaso pa makolo ake, ine ndilipo. Ndinapempha kuti agogo asakhalepo kaye, chifukwa mayiyo akakhala pamaso pa amayi awo ankalankhula ngati mwana amene akuyesedwa mayeso a kaleredwe. Pa kukumana kumeneko bambo, amene nthawi yonseyi ankangoti "zimene anene amayi akewo", analankhula. Anaulula kuti nawonso anatha chaka chathunthu akugwada pa Kolona popanda kupemphera chilichonse mumtima. Mkazi wawo sankadziwa. Kenako anatembenukira kwa mkaziyo: "Amayi ake, ine munandidikira. Tinakwatirana ndili mpingo wina, simunandikokere ku guwa. Ndinabwera ndekha nthawi yanga itakwana. Mwanayu simungamudikire?" Mayiyo sanayankhe tsikulo. Koma foni inabwezedwa sabata yomweyo.

Kubweretsa wansembe

Funso la Ulimbitso linali likadalipo, ndipo tsiku linkayandikira. Ndinaona kuti pa nkhani ya sakramenti mawu anga sangawakhazike mtima pansi amayi ndi agogo. Ankafunika kumva kuchokera kwa wansembe. Njira imeneyi ili ndi ngozi yake, chifukwa wansembe akhoza kungowonjezera mawu ake pa mawu a makolo, mwana n'kuona kuti mlangizi wamupereka. Choncho ndinayamba ndapempha chilolezo cha mtsikanayo, tinagwirizana zimene ndinganene ndi zimene ndisanene, ndipo ndinakaonana ndi bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishiyo, ndekha banja lisanapite.

Anzanga amene mumagwira ntchito ndi mabanja a Katolika, dziwani zimene Mpingo womwewo umaphunzitsa, chifukwa makolo ambiri sazidziwa. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Dignitatis Humanae cha pa 7 December 1965, unanena kuti munthu ayenera kuyankha Mulungu mwaufulu, ndipo asakakamizidwe kulandira chikhulupiriro. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa kanoni 748, limaletsa kukakamiza munthu kulowa chikhulupiriro cha Katolika motsutsana ndi chikumbumtima chake. Kanoni 889 imati wolandira Ulimbitso, ngati ali wozindikira ndipo sali pafupi kufa, akhale wophunzitsidwa bwino, wokonzeka mumtima, ndiponso wotha kubwereza malonjezo a ubatizo. Mtsikanayu ankanena yekha kuti sangathe kuwabwereza moona. Ulimbitso umaperekedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu, subwerezedwa. Pa za kulapa, kanoni 991 imapatsa mkhristu aliyense ufulu wosankha wansembe wokalapako, ndipo kanoni 983 imati chinsinsi cha kulapa sichiululidwa pa chifukwa chilichonse.

Koma musatenge malamulowa ngati chibonga chomenyera makolo, chifukwa ali ndi mbali ziwiri. Kanoni 890 imati akhristu ali ndi udindo wolandira Ulimbitso pa nthawi yoyenera, ndipo makolo ndi abusa aonetsetse kuti aphunzitsidwa ndi kufikako. Kanoni 1247 imalamula Misa ya Lamlungu. Katekisimu wa Mpingo wa 1992, pa ndime 2217, amati mwana amene akukhala pakhomo pa makolo aziwamvera pa zimene akumupempha zomukomera iye kapena banja, ndipo ndime yomweyo imati ngati chikumbumtima chake chatsimikiza kuti kumvera lamulo lina kungakhale kulakwa, asamvere. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pa ndime 14, lilinso chimodzimodzi: limateteza ufulu wa mwana pa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo, n'kulemekezanso udindo wa makolo womutsogolera molingana ndi msinkhu wake. Choncho mayiyo sanalakwe pofuna kuti mwana wawo alandire. Analakwa pa njira, ndiponso poganiza kuti "ndikhulupirira" wotuluka chifukwa cha mantha angakwaniritse udindo wawo.

Bambo mfumu anali munthu womvetsa. Atacheza ndi mtsikanayo anauza banja kuti iwo eni sangamupereke kwa episkopi chaka chimenecho, ngakhale makolo atafuna. Izi zinachotsa mtolo pa mapewa a mwana, chifukwa chiganizo sichinalinso "mwano wake". Anamuuzanso kuti kukwiyira Mulungu pa imfa ya mbale wako si kugalukira, ndipo Masalimo ali ndi madandaulo ambiri otere. Amayi anafunsa ngati mwana wawo adzaloledwe ukwati wa mu Mpingo. Anawafotokozera kuti kanoni 1065 imafuna kuti Mkatolika alandire Ulimbitso asanakwatire ngati zingatheke popanda vuto lalikulu, ndipo akuluakulu ambiri amalandira atakula. Khomo silitsekedwa. Anawauzanso mosabisa kuti kholo lisamafunse mwana zimene waulula.

Agogo sanagonje. Anati m'mera mpoyamba, ndipo anatchula Monica Woyera, amene sanatope ndi mwana wake Augustine. Bambo mfumu anawayankha ndi nkhani yomweyo. Anawakumbutsa kuti Monica poyamba anamukaniza mwana wakeyo kukhala naye m'nyumba atalowa chipembedzo china, koma pambuyo pake anamutsekulira khomo. Augustine anabatizidwa ndi episkopi Ambrose ku Milan mu 387, ali ndi zaka 32, atasankha yekha. Chimene Monica sanasiye ndi kupemphera ndi kukhala pafupi ndi mwana wake. Agogo anamvetsera mwaulemu, koma potuluka anati ansembe a masiku ano ndi ofewa.

Zimene tinagwirizana

Mgwirizano tinaulemba, aliyense n'kusunga pepala lake. Dzina la mtsikanayo linachotsedwa pa mndandanda, ndipo nkhani ya Ulimbitso adzaiyambitsa yekha akadzafuna. Kolona inakhala ya amene akufuna. Foni, masewera ndi sukulu sizidzagwiritsidwanso ntchito ngati chilango pa nkhani za chipembedzo. Achibale sadzaitanidwanso kudzamulangiza. Kumbali yake, anavomera kumapita ku Misa Lamlungu ndi banja, kukhala pafupi ndi bambo ake, popanda womuyang'anitsitsa kapena kumufunsa za kulandira. Anavomeranso kusanyoza mapemphero pamaso pa mng'ono wake, chinthu chimene anali atayamba kuchita mkangano utakula.

Mnzanga wina amene ndimakambirana naye za ntchito anatsutsa mfundo ya Misa. Anati kumeneko n'kukakamiza komwe, kungoti kwavala bwino. Ndinaiganizira mfundo yakeyo, koma sindinagwirizane nayo pa nkhani iyi. Mtsikanayo ndiye anasiyanitsa yekha kukhala pa benchi ndi kulumbira. Anati kukhala pansi ola limodzi ndi banja lake sikumupangitsa kunama. Makolo nawonso anafunika kutuluka ndi kanthu m'manja, apo ayi mgwirizano sukanakhalitsa. Akanakhala kuti wakana Misa ndi mtima wonse, kapena kuti kupitako kukumudwalitsabe, tikanafuna njira ina. M'mimba muja munasiya kupweteka patangopita masabata ochepa.

Ntchito yaikulu inatsala pa maliro. Ndinapempha banja kuti lipeze nthawi yokamba za mnyamatayo kunja kwa pemphero. Poyamba zinali zolemera, ankangoyang'anana. Amene anatsekula njira anali mng'ono uja wa zaka 8, amene anafunsa chifukwa chake zithunzi zinabisidwa. Anazitulutsa. Papa Francis, m'chikalata chake cha Amoris Laetitia cha 2016, anachenjeza makolo kuti kulondalonda mwana paliponse si kulera, ndiponso kuti achinyamata amavutika ndi malamulo ndi ulamuliro, choncho ndi bwino kuwalimbikitsa kuti akumane ndi chikhulupiriro mwa iwo okha. Mayiyo anapempha kuti ndiwalembere ndime zimenezo, 261 ndi 288, ndipo anakaziwerenga okha. Kwa mayi ngati ameneyu, kudziwa kuti Papa ananena zimenezi kunali chilolezo choti apume.

Kubwerera m'mbuyo

Sabata ya Ulimbitso zinthu zinasokonekera. Anzake a kwaya ankawafunsa mayiyo za chovala cha mwana wawo, ndipo manyazi anawagwira. Agogo anasiya kulankhula ndi mdzukulu wawo. Madzulo a tsikulo mayi anapsa mtima n'kunena kuti wawachititsa manyazi pa parishi yonse. Mtsikanayo anatuluka n'kukagona kwa azakhali ake osatsanzika.

Zoterezi tinali titazikambirana kale, kuti tsikulo lidzakhala lovuta, ndipo azakhaliwo ankadziwa kuti akafika adziwitse makolo nthawi yomweyo. Anatero. Bambo anapita kukamutenga m'mawa mwake. Chimene chinapulumutsa mgwirizano n'chakuti mayiyo sanabwerere ku chilango. Anapepesa chifukwa cha mawu awo, chinthu chimene mtsikanayo anati sanachionepo chibadwire. Pokonza mgwirizano wotere, yang'anani pa kalendala ya Mpingo ndi kuneneratu masiku amene adzabweretse mkangano: tsiku la sakramenti, Lenti, Pasaka, tsiku lokumbukira womwalira. Banja likachenjezedwa, likagwa silinena kuti zonse zalephereka.

Manyazi a kholo pamaso pa akhristu anzake tisawapeputse. Pa mabanja ambiri amene ndawaona, mantha a chipulumutso cha mwana ndi mantha a zonena anthu amayendera limodzi, ndipo kholo limatchula oyambawo chifukwa ndiwo omveka bwino. Ndinathandiza mayiyo kupeza yankho lalifupi loti azipereka akafunsidwa: "Tagwirizana ndi bambo mfumu kuti adikire kaye." Linali loona, ndipo linkatseka nkhani.

Mawu a bambo aja anandikumbutsa zimene wofufuza wina, Vern Bengtson, ndi anzake anapeza atatsatira mabanja a ku California kwa zaka zoposa 30, zomwe anazisindikiza mu 2013. Anapeza kuti chikhulupiriro chimapitirira kwa ana makamaka pamene pali ubale wachikondi ndi makolo, ndipo ubale ndi bambo unaoneka wofunika kwambiri. Kholo lopemphera kwambiri koma louma mtima silinkapatsira ana chikhulupiriro chake mosavuta. Zimenezi ndimauza makolo mosamala. Si njira ina yochenjera yopezera zimene akufuna, ndipo mwana akazindikira kuti chikondi chabwera ngati nyambo, amachikana. Koma zimathandiza kholo kuona kuti kufatsa si kutaya udindo. Pa nkhani iyi bambo amene ankaoneka ngati alibe mbali ndiwo anali ndi mawu ofunika, ndipo sakanawanena ndikanapitiriza kukumana ndi amayi okha, monga zimakhalira nthawi zambiri.

Pamene nkhani ili

Patha chaka ndi miyezi ingapo. Mtsikanayo ali ndi zaka 17 ndipo sanalandire Ulimbitso. Ukaristia sanayambirenso. Ku Misa amapita masabata ambiri, ena amapempha kutsala ndipo amaloledwa. Kawiri konse anapita yekha kukacheza ndi wansembe wina amene anamusankha, ndipo makolo anamva pambuyo pake. Ndikamufunsa za chikhulupiriro amati sakudziwabe, koma funsolo silimusowetsanso tulo. Sukulu inabwerera mwakale. Pa tsiku lokumbukira mchimwene wake anakhala nawo pa Kolona mwa kufuna kwake, osatchula mawu, ndipo tsiku lotsatira sanakhalepo. Amayi ake sanamufunse.

Mayiyo akadali ndi chisoni pa nkhaniyi ndipo sabisa. Amapempherera mwana wawo tsiku lililonse, ndipo anavomera kupita ku uphungu wa oferedwa paokha. Agogo amalankhula ndi mdzukulu wawo za zinthu zina zonse, koma amakhulupirirabe kuti banja linagonja msanga, ndipo anakana kubwera ku zokambirana zathu zomaliza. Pamenepo sindinathe kusuntha kanthu.

Mng'ono uja akukonzekera kulandira Ukaristia koyamba, ndipo wayamba kufunsa chifukwa chake mkulu wake salandira. Makolo apempha kuti tikumanenso tisanafike tsikulo, kuti agwirizane zimene amuyankhe.